Sabata ya makoswe osambira ndi nthunzi ya toluene

Lolemba ntchito yathu imayamba ndi sikelo. Ndisanalowe m'chipinda cha makoswe ndimasintha zovala zonse, n'kuvala magolovesi ndi chophimba kumutu, ndipo tsiku la ntchito sindidzola mafuta onunkhira chifukwa khoswe amazindikira munthu ndi mphuno kuposa ndi maso. Kenako ndimanyamula khoswe aliyense, n'kuwerenga nambala yolembedwa pamchira wake, n'kumuika pa sikelo. Khoswe wodwala sadandaula, amangoyamba kupepuka. Ndimayang'ananso m'maso ndi pamphuno ngati pali zofiira. Munthu wosazolowera amaganiza kuti ndi magazi, koma ndi utoto wotchedwa porphyrin umene umachokera m'kachiwalo kena kuseri kwa diso, ndipo umachuluka khoswe akakhala kuti wavutika kapena akuopa. Chipindacho chimasungidwa pakati pa madigiri 20 ndi 24, magetsi amayaka maola 12 n'kuzima maola 12, kaya kunja kuli chisanu cha kuno kumpoto kwa England kapena ayi.

Ndine mmodzi wa osamalira ndi kuyeza nyama m'labotale ya payunivesite ina, ndipo gulu limene ndikulithandiza panopa likufufuza za toluene. Dzinali lingaoneke lachilendo, koma fungo lake aliyense amalidziwa. Ndi lija mumalimva m'galaja momwe akupopera penti galimoto, kwa kalipentala amene akupaka vanishi, kwa wosoka nsapato amene watsegula chitini cha guluu. Toluene ali mu thinner, ali mu guluu wa mitundu yambiri, alinso mu petulo. Amauluka msanga n'kukhala nthunzi, ndipo munthu akaipuma amadutsa m'mapapo n'kulowa m'magazi. Amakonda mafuta, ubongo nawo ndi chiwalo cha mafuta ambiri, choncho sachedwa kufikako. Chiwindi chimamuphwanya, ndipo wambiri amatuluka mumkodzo atasanduka mankhwala ena otchedwa hippuric acid. Zoti munthu amene wapuma nthunziyi amamva chizungulire ndi mutu waching'alang'ala si nkhani yofuna kafukufuku. Funso lathu ndi la pambuyo pake: chizungulire chikatha, toluene atachoka m'magazi, kodi ubongo umaphunzira zatsopano monga unkachitira kale?

Tili ndi magulu awiri a makoswe. Gulu loyamba likadali kupuma nthunzi, ndipo m'mawa uliwonse ndimalilowetsa m'mabokosi achitsulo a zitseko zagalasi momwe mpweya umadutsa mosalekeza. M'mabokosi ena mpweyawo umasakanizidwa ndi toluene wopimidwa bwino, m'mabokosi ena ndi mpweya wamba. Makoswe a mpweya wambawo nawo amanyamulidwa, amatsekeredwa, amamva phokoso lomwelo la makina kwa maola omwewo. Tikanawasiya m'makola awo akupuma mwamtendere, kusiyana kulikonse kumene tikanapeza kukanatha kukhala kwa kutopa ndi mantha, osati kwa mankhwala.

Kuchuluka kwa nthunzi timakuwerenga mu ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Malamulo a ku Britain amalola ppm 50 pa ntchito ya maola 8. Bungwe la akatswiri a ku America la ACGIH linatsitsa mlingo umene limalangiza kufika pa 20 mu 2007, pamene lamulo la boma la dzikolo, pansi pa OSHA, bungwe loona za chitetezo cha anthu pantchito, likadali pa 200. Mwana wa mumsewu amene akukoka guluu m'kabotolo kapena m'kapepala ka pulasitiki amapuma ma ppm masauzande. Ife tikuyang'ana kumunsi, kufupi ndi zomwe munthu amapuma kuntchito, ndipo chifukwa chake chilipo. Mu 1993 ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Sweden, motsogozedwa ndi Gabriel von Euler, anaika makoswe mu ppm 80 zokha, maola 6 patsiku, masiku 5 pasabata, kwa masabata 4. Patapita masiku chiwachotsere mu nthunziyo, makoswewo anali kuvutikabe kuphunzira ndi kukumbukira malo. Mlingo umenewo suledzeretsa khoswe mooneka, ndipo n'chifukwa chake zotsatirazo zinadetsa anthu nkhawa.

Gulu lachiwiri linamaliza kupuma nthunzi, lapumula, ndipo sabata ino ndi yake yolowa m'dziwe. Ine sindiuzidwa kuti khoswe uti anapuma toluene, uti anapuma mpweya wamba. Makoswe a gululi ankalowetsedwa m'mabokosi ndi mnzanga wina, ndipo anapatsidwa manambala atsopano asanafike m'manja mwanga. Pepala losonyeza za aliyense lili kwa mkulu wa kafukufuku. Lamuloli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse. Dzanja la munthu limatsatira zomwe mutu ukuyembekezera, ndipo ukadziwa kuti uyu ndi wa mankhwala ungamuike m'madzi mosiyana pang'ono osazindikira.

Dziwelo ndi thanki lozungulira, lotambalala pafupifupi mamita awiri, lodzaza madzi ofunda pang'ono. Madziwo timawathira utoto wopanda poizoni kuti pansi pasaoneke. Penapake m'madzimo, chala chimodzi kapena ziwiri kunsi kwa pamwamba pake, pali kansanja kozungulira kamene khoswe angaimepo. Sakuona, sakumva fungo lake. Pamakoma a chipindacho tinamatapo zithunzi zikuluzikulu zakuda ndi zoyera, mtanda uku, mizere uko, ndipo kudenga kuli kamera yotumiza njira yonse ya khosweyo ku kompyuta. Khoswe amasambira mwachibadwa koma sakonda kukhalitsa m'madzi, choncho amafunafuna potulukira. Ulendo uliwonse timamuika mbali yosiyana ya dziwe, nkhope italoza kukhoma la thanki, kuti asangoloweza zoti akhote kumanja kapena kumanzere. Kuti apeze kansanjako msanga ayenera kuchita zomwe msodzi wa ku Nkhotakota amachita pofuna pomwe anatchera ukonde dzulo: pamadzi palibe chizindikiro, ndiye amayang'ana phiri ili ndi mtengo uja kumtunda n'kudziwa pamene ali.

Njirayi anaiyambitsa Richard Morris pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland, ndipo anailemba koyamba mu 1981. Chaka chotsatira iye ndi anzake anasonyeza kuti makoswe owonongeka hippocampus, kachigawo ka ubongo kamene kamasunga mapu a malo, amangoyendayenda m'dziwe osapeza kansanja kobisika, pamene kakakhala koonekera amakapeza bwinobwino. Mmodzi wa anzakewo anali John O'Keefe, amene mu 1971 anapeza maselo a mu hippocampus omwe amagwira ntchito nyama ikafika pamalo enaake, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Tsiku loyamba m'dziwe limakhala lofanana pafupifupi kwa khoswe aliyense. Amakakamira m'mphepete, akukanda khoma la thanki, akuzungulira. Ndimamupatsa masekondi 60. Akalephera ndimamutsogolera ndi dzanja mpaka pakansanja, n'kumusiya aimepo pang'ono. Nthawi imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa amaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kuyamba kutembenuka, kuyang'ana makoma. Apo m'pamene phunziro likulowa. Kenako ndimamupukuta ndi thaulo n'kumuika m'khola lofunda. Ine ndimaima pamalo amodzi omwewo pa ulendo uliwonse, chifukwa kwa khosweyo nanenso ndine chizindikiro cha pakhoma.

Lachiwiri linadutsa popanda chachilendo. Makoswe ambiri anasiya khoma n'kuyamba kudula pakati pa dziwe. Masana makina opima nthunzi m'bokosi lina anaonetsa kuti mlingo ukutsika, ndipo titafufuza tinapeza kapaipi kolumikizira katamasuka. Tinakamanga, n'kulemba m'buku nthawi yeniyeni imene mlingowo unatsika ndi imene unabwerera.

Lachitatu ndilo ndikufuna kukhalapo pang'ono. Pofika tsikuli khoswe amene akuphunzira bwino amati ukangomuika m'madzi amatembenuka, n'kuloza kumene kuli kansanja ngati akukaona. Koma panali mmodzi amene ankazungulirabe m'mphepete monga Lolemba. Mtsikana amene akuchita maphunziro a digiri yachiwiri pa kafukufukuyu anali nane m'chipindamo, ndipo atamuona ananong'ona kuti ameneyu ndiye wa toluene basi, ubongo wapita. Ndinamuuza kuti tilembe zomwe taona zokha: wazungulira m'mphepete, sanafike. Pa nthawi ya tiyi ndinamufotokozera nkhani ya Gordon Pryor, imene aliyense wogwira ntchito imeneyi ayenera kuidziwa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Pryor ndi anzake ku SRI International ku California ankafufuza zomwe kukoka guluu kumachita ku ubongo wa achinyamata. Anaika tiana ta makoswe mu toluene wambiri kwa masabata angapo, kenako n'kumatiphunzitsa kukwera kamtengo tikalandira chizindikiro. Chizindikirocho nthawi zina chinali kuwala, nthawi zina kulira kwa kachipangizo. Makoswe a toluene ankalephera pa kulirako. Zikanakhala zosavuta kulemba kuti alephera kuphunzira n'kutseka buku, koma makoswe omwewo ankakwera bwino akaona kuwala. Atawayeza makutu anapeza kuti sankamva maliwu ena. Anali atagontha. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1983, ndipo kuchokera pamenepo zinadziwika kuti toluene amawononga timaselo ta m'kati mwa khutu, timene tikafa sitimeranso. Patapita zaka 10, Thais Morata ndi anzake anapeza kuti ku Brazil, anthu ogwira ntchito yosindikiza mabuku amene ankakumana ndi phokoso ndi toluene pamodzi ankagontha kwambiri kuposa amene ankakumana ndi phokoso lokha.

Khoswe wathu wozungulira m'mphepete uja angakhale ndi zifukwa zambiri. Mwina ndi wamantha chabe, chifukwa khoswe woopa amakakamira khoma ngakhale mutu wake uli bwino. Mwina saona bwino zithunzi za pakhoma. Makoswe oyera a maso ofiira, monga a mtundu wa Wistar umene unayambira ku Philadelphia mu 1906, maso awo ndi ofooka chibadwire, n'chifukwa chake ife timagwiritsa ntchito a mutu wakuda otchedwa Lister Hooded, omwenso Morris ankagwiritsa ntchito. Mwina miyendo yake yafooka. Mankhwala ena a gulu lomweli, n-hexane, amawononga mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo, monga zinaonekera mwa opanga nsapato ku Japan ndi ku Italy kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo khoswe wofooka miyendo amafika mochedwa ngakhale akudziwa kumene akupita. Mwina amazizidwa msanga. Mwinanso ali m'gulu la mpweya wamba, ndi khoswe wochedwa kugwira zinthu basi, monga zimakhalira m'kalasi iliyonse. Theka la ntchito yanga ndi kutseka zitseko zonsezi chimodzichimodzi, kuti tsiku limene tidzanene kuti toluene wasokoneza kuphunzira, pasadzapezeke wotifunsa za maso kapena miyendo ife n'kusowa choyankha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho kuwonjezera pa nthawi yofikira pakansanja, kompyuta imalemba liwiro la kusambira, kutalika kwa njira, ndi nthawi imene khoswe wathera m'mphepete.

Ndimaumirira zimenezi osati chifukwa chokayikira kuti mankhwalawa ndi oopsa. Ndimaumirira chifukwa kafukufuku wochitidwa mosasamala amagwa msanga akafika pamaso pa anthu opanga malamulo, ndipo akagwa amene amavutika ndi munthu wa m'galaja.

Lachinayi, titamaliza maulendo a m'dziwe, tinayeza mphamvu ya miyendo. Khoswe amagwira kachitsulo kolumikizidwa ku sikelo, iwe n'kumukoka pang'onopang'ono mpaka atasiya, sikeloyo n'kulemba mphamvu yake. Kuyeza makutu kudzachitika sabata yamawa, chifukwa kumafuna kumugoneka khoswe ndi mankhwala, ndipo sitingatero ali pakati pophunzira.

Madzulo a tsikulo ndinaimbira foni achimwene anga, amene amapopera penti magalimoto ku Blantyre. Nthawi zonse amandifunsa za makoswe anga, ine n'kuwafunsa za mutu wawo.

"Mutu ndiye umawawa madzulo, chemwali, koma ndikamwa mkaka zimatha. Tonse pano timamwa mkaka tikaweruka, umatsuka za m'chifuwa."

"Achimwene, mkaka imwani ndithu, ndi chakudya chabwino. Koma umapita m'mimba, pamene nthunzi ija yadutsa m'mapapo n'kulowa m'magazi kalekale. Sizikumana n'komwe. Nanga kumaso mukuvala chiyani?"

"Kaja koyera ka pepala."

Ndinawafotokozera kuti kachophimba ka pepala kamagwira fumbi ndi timadontho ta penti, koma nthunzi imangodutsa. Chofunika ndi chophimba cha labala chokhala ndi timabokosi ta makala m'mbali, timene pa muyezo wa ku Ulaya timakhala ndi chilembo A ndi mzere wabulauni, ndipo timabokosito timatha mphamvu, tiyenera kusinthidwa. Ukayamba kumva fungo uli chivalire, ndiye kuti tatha. Ndinawapemphanso kuti asiye kusamba m'manja ndi thinner, chifukwa amachotsa mafuta a pakhungu n'kuling'amba, ndipo wina amalowa m'thupi kudzera pomwepo. Zitseko zonse zikhale zotsegula popopera, zitini zikhale zotseka, nsanza zonyowa ndi thinner zisagone m'chipinda chimene anthu amadyeramo. Ndinanenanso za mowa, kuti ukalowa pamwamba pa toluene chiwindi chimachedwa kumuchotsa, popeza zonse ziwiri zimadalira chiwalo chomwecho. Anati timabokosito ndi todula. Ndikudziwa kuti ndi todula, ndipo mwini galaja ndiye ayenera kugula, osati wantchito.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti kuwonongeka kwake sikuoneka. Munthu amene wapuma nthunzizi zaka zambiri amayamba kuiwala zomwe wauzidwa, kuchedwa kugwira ntchito yatsopano, kupsa mtima pachabe, kutopa kosatha. Anthu amati wayamba ulesi, kapena akumwa mobisa, kapena wakalamba msanga. Ku Denmark ndi mayiko oyandikana nawo madokotala anayamba kuzindikira vutoli mwa opaka penti m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1985 bungwe la WHO linasonkhanitsa akatswiri ku Copenhagen kuti agwirizane za mmene matendawa angadziwikire. Mtsutso unali waukulu, ndipo pa munthu ndi wovutadi kuuthetsa, chifukwa wopaka penti amapuma mankhwala osakanikirana, wina amamwa mowa, wina sukulu anaisiya kale, ndipo palibe anayeza mutu wake asanayambe ntchito. Khoswe wa m'labotale samwa, amadya zofanana ndi mnzake, ndipo amapuma mankhwala amodzi pa mlingo wodziwika. Ubwino wake ndi umenewo. Koma khoswe si munthu. Ngakhale mbira, imene ndi m'bale wake, sigontha ndi toluene monga amachitira khoswe. Zomwe timapeza m'dziwe zimaloza kumene madokotala a anthu ayenera kuyang'ana, sizilowa m'malo mwawo.

Lachisanu m'mawa ndinachotsa kansanja m'dziwe. Uku ndiye kuyesa kukumbukira: khoswe amaikidwa m'madzi mopanda pothawira kwa mphindi imodzi, ndipo kamera imaona kumene akufunafuna. Wokumbukira bwino amapita pomwe panali kansanja, n'kumadutsapo mobwerezabwereza, akutembenukira pomwepo. Wosakumbukira amasambira dziwe lonse mofanana. Pa mayeso onse awa ndi amene ndimawakhulupirira kwambiri, chifukwa liwiro silithandiza. Khoswe wofooka miyendo koma wa mutu wabwino amathera nthawi yake pamalo oyenera.

Masana ndinabwezera kansanja, koma mbali ina, kotulukira pamwamba pa madzi, ndi kambendera pakati. Apa palibe chokumbukira. Khoswe amene amaona, amatha kusambira, ndipo akufuna kutuluka m'madzi, amangopita. Wozungulira m'mphepete uja anachedwa ulendo woyamba, kenako anayamba kulunjika pakambenderako. Ndiye kuti maso ali nawo, miyendo ali nayo. Zitseko ziwiri zatsekedwa, ndipo ndinalemba zimenezo popanda kuwonjezera ganizo langa.

Ngati kusiyana kudzapezeke pakati pa makoswe a toluene ndi a mpweya wamba, mkulu wa kafukufuku adzayamba kuyang'ana mu hippocampus. Maselo a ubongo akamaphunzira amalimbitsa malumikizano awo kudzera m'timakomo totchedwa NMDA. Mu 1986 Morris ndi anzake anatseka timakomoti ndi mankhwala ena, makoswe n'kulephera kuphunzira kumene kuli kansanja kobisika. Mu 1998 Silvia Cruz, wasayansi wa ku Mexico, ndi anzake ku America anasonyeza kuti toluene naye amatsekereza timakomo tomweti. Chimene gulu lathu likufuna kuona ndi mmene maselowo amakhalira patapita nthawi toluene atachoka.

Kuti zimenezo zioneke pamafunika ubongo weniweniwo, ndipo apa sindibisa: makoswe amenewa adzaphedwa kafukufuku akatha. Ku Britain ntchito yotere imayendetsedwa ndi lamulo la 1986 loteteza nyama za kafukufuku. Malo, kafukufuku, ndi munthu wogwira nyamazo, aliyense amafunika chilolezo chake kuchokera ku Home Office, unduna wa za m'dziko, ndipo oyendera a boma angathe kufika osalengeza. Mfundo zitatu zimene William Russell ndi Rex Burch anakhazikitsa mu 1959 timaziwerenga pa msonkhano uliwonse wokonza kafukufuku: ngati pali njira yopanda nyama, tsatani imeneyo, ngati palibe, gwiritsani ntchito nyama zochepa zimene zingapereke yankho lodalirika, ndipo chepetsani kuvutika kwa nyama iliyonse. Ine makoswewa ndawagwira tsiku ndi tsiku kuyambira ali aang'ono, ndimadziwa wokonda kukwera paphewa ndi wokonda kubisala m'kapaipi ka katoni. Tsiku lowapha limandilemera, ndipo sindifuna kuti lidzasiye kundilemera. N'chifukwa chakenso sindilola ulendo ngakhale umodzi wa m'dziwe kuchitika mwachisawawa. Manambala akaipa, kafukufuku amabwerezedwa, ndipo kubwereza kumatanthauza makoswe ena.

Loweruka inali nthawi yanga yolondera. Mabokosi a nthunzi sagwira ntchito kumapeto kwa sabata, monga munthu wantchito amapumira, choncho ndinangoyendera makola, kuthira madzi m'mabotolo, kuwonjezera chakudya, ndi kusintha utuchi pamene panali ponyowa. Ndinakhetsa madzi a m'dziwe n'kulitsuka. Kenako ndinakhala pa kompyuta kuonerera mavidiyo a sabata yonse, kutsimikiza kuti kamera sinasokoneze mchira ndi mutu pena pake, n'kutumiza mafayilo kwa wowerengera manambala. Pepala la magulu silitsegulidwa mpaka gulu linalo litamaliza kupuma nthunzi, kupumula, ndi kusambira maulendo ake onse. Lolemba tiyamba kuyeza makutu.